Nsangalabwi za ku Roma, manda a ku Lago

Munthu woyenda pa boti kuchokera ku Metangula kulowera kumpoto, kudzera ku Messumba, Chia, Ngoo ndi Mbueca mpaka ku Cobué, amadutsa manda ambiri osazindikira. Chimene chimaulula manda m'mbali mwa nyanja muno ndi mitengo: kamsitu kowirira kotsala kokha pakati pa minda ya chinangwa, komwe nkhwangwa siloledwa ndipo ana saponda. Wolowamo ndi adzukulu amapeza mitumbira, mitanda ya matabwa yodyedwa ndi chiswe, ndi ziliza za simenti zomwe dzina linalembedwa ndi msomali simenti isanaume. Chifanizo cha mwini manda chosemedwa pa mwala wa nsangalabwi si chinthu cha kuno.

Kuli maiko komwe zinali zosiyana kotheratu. Kuyambira cha m'ma 1600 kufikira cha m'ma 1750, anthu olemera ndi a m'mabanja achifumu ku Ulaya ankagula malo ogona mkati mwa tchalitchi momwemo, pafupi ndi guwa ngati thumba lalola, n'kuitana amisiri osema miyala kuti awamangire ziliza zotalika kuposa nyumba. Luso la nyengo imeneyo limatchedwa baroque. Linafika mpaka ku Mozambique, koma linathera kugombe la nyanja ya mchere, osakwera kuno ku nyanja ya Niassa. Chifukwa chake, komanso zimene anthu a kuno ku Lago anakhala nazo m'malo mwake, ndi nkhani yokhudza aliyense amene anasonkhapo ndalama ya chiliza cha kholo lake.

Gwero lake ndi mkangano wa mpingo. Martin Luther atayamba kutsutsana ndi Roma mu 1517, madera ambiri a Chiprotestanti anachotsa zifanizo m'matchalitchi ndipo anasiya kupempherera akufa. Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano waukulu wa ku Trent, womwe unachitika kuyambira 1545 mpaka 1563: zifanizo n'zothandiza pophunzitsa chikhulupiriro, ndipo Misa yoperekera womwalira ili ndi phindu kwa iye. Apa olemera anapezapo njira. Munthu ankasiya chuma choti ansembe azimuchitira Misa chaka ndi chaka, ankagula kachipinda kopemphereramo m'mbali mwa tchalitchi kuti kakhale ka banja lake, ndipo chiliza chinkaima pomwepo kukumbutsa olowa onse dzina loti alitchule m'pemphero. Koma chinkakumbutsanso kuti banjalo ndi la ndani, ndipo ntchito yachiwiriyi nthawi zambiri inkakula kuposa yoyamba.

Katswiri woposa onse anali Gian Lorenzo Bernini, yemwe anabadwa mu 1598 n'kumwalira mu 1680. Papa Urban VIII, wa banja lolemera la Barberini, anamuuza kuti ayambe kumukonzera chiliza iye akali moyo ndi wamphamvu, ndipo ntchitoyo inatha mu 1647, patapita zaka zitatu mwiniwake atamwalira. Chili mu tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma. Pamwamba pakhala papa wa mkuwa, dzanja lili m'mwamba. M'mbali mwaima akazi awiri a nsangalabwi yoyera, wina woimira chifundo, ali ndi ana, wina woimira chilungamo. Ndiye pakati pawo, pamwamba pa bokosi, pali imfa yeniyeniyo: mafupa okhaokha okhala ndi mapiko, ikulemba dzina la papa m'buku lake. Apo ndi apo pamwala pakwawa njuchi za mkuwa, chizindikiro cha a Barberini.

Chiliza cha Papa Alexander VII, chomwe Bernini anachimaliza mu 1678 ali ndi zaka pafupifupi 80, n'chodabwitsa koposa. Malo amene anapatsidwa anali ovuta chifukwa pakati pake panali khomo lomwe silikanatsekedwa. Iye analisandutsa khomo la kumanda. Pamwamba pa khomolo anayala chinsalu chachikulu cha mwala wofiirira wochokera ku Sicily, chopindikapindika ngati chitenje chimene mphepo yachigwetsa pachingwe, ndipo pansi pa chinsalucho pakutuluka mafupa a mkuwa wokutidwa ndi golide, mutu wobisika, dzanja litakweza kabotolo ka mchenga koyezera nthawi. Papa wagwada pamwamba, wavula chisoti, akupemphera osaiona imfayo. Mmodzi mwa akazi anayi ozungulira chilizachi, woimira choonadi, waponda dziko lapansi, ndipo phazi lake lagwera pa England, dziko lomwe linali litachoka m'manja mwa Roma. Mkaziyu poyamba anasemedwa wosavala. Papa Innocent XI analamula kuti avekedwe, ndipo Bernini anamupangira chovala cha mkuwa n'kuchipaka utoto woyera.

Palibe chifukwa chonyozera luso limeneli. Kufewetsa mwala mpaka uoneke ngati nsalu, mnofu kapena misozi ndi ntchito ya manja yofunika ulemu, ndipo mbiri imakumbukira Bernini yekha pomwe ntchitoyo inkagwiridwa ndi gulu la amisiri omwe iye ankawayang'anira. Chovuta chili pa uthenga. Mafupa aja amalalikira kuti imfa sisankha, pomwe golide ndi kutalika kwa chiliza zikunena kuti wagona apayu sanali ngati anthu ena. Mu tchalitchi cha Santa Maria della Vittoria, Kadinala Federico Cornaro anakonzetsa kachipinda ka manda ake komwe abale ake anasemedwa atakhala m'makhonde m'mbali, ena akucheza, pomwe pakati Teresa Woyera wa ku Avila akukomoka pamaso pa mngelo. Wolowamo amaona woyera mtimayo, koma sangatuluke osawaona a Cornaro.

Kwa wowerenga wa kuno, chiliza choyenera kuimapo nthawi yaitali chili ku Venice, mu tchalitchi cha Frari. Ndi cha Giovanni Pesaro, yemwe analamulira mzindawo kwa kanthawi kochepa n'kumwalira mu 1659. Anachikonza ndi Baldassare Longhena ndipo chinatha mu 1669. Pesaro wakhala pampando pamwamba penipeni. Pansi, kulemera konse kwa chilizacho kwasenzedwa ndi amuna anayi akuluakulu a ku Africa, osemedwa ndi Melchior Barthel pa mwala wakuda. Awerama makosi, maso atuzuka, zovala zawo za mwala woyera n'zong'ambika mpaka mawondo akuonekera. Pakati pawo mafupa awiri a mkuwa agwira zinsalu zolembedwa mbiri ya Pesaro m'Chilatini. Mawu ndi ambiri, koma palibe limodzi lonena za anayi aja. Iwo ndi mizati basi.

Si ku Venice kokha. Ku Valletta, pa chilumba cha Malta, pansi ponse pa tchalitchi cha Yohane Woyera ndi manda pafupifupi 400 a ankhondo a m'mabanja apamwamba, lililonse lokongoletsedwa ndi miyala ya mitundumitundu. Kumeneko chiliza cha mtsogoleri wawo Nicolas Cotoner, yemwe anamwalira mu 1680, chakhazikika pa misana ya akapolo awiri omangidwa, mmodzi mwa iwo wa ku Africa. Anthu amene ankalipira ziliza zotere sankaona chachilendo kuika kapolo m'nyumba ya Mulungu ngati umboni wa ulemerero wawo. Ankaonetsa poyera chomwe chuma cha nthawi imeneyo chinakhazikikapo.

Ngakhale England, dziko la Chiprotestanti, linatengera luso lomweli, ngakhale kuti Misa za akufa linazisiya. Mu Westminster Abbey ku London muli chiliza cha Elizabeth Nightingale, mayi wa banja lapamwamba yemwe anamwalira mu 1731 atangobereka. Louis-François Roubiliac anachimaliza mu 1761. Imfa ikutuluka pakhomo la pansi ndi mkondo m'dzanja, ndipo mwamuna wake wamufungatira mkaziyo ndi dzanja limodzi, linalo walitambasula kuti atchinge mkondowo. Mwa ziliza zonse za nyengoyi, ichi n'chimene chili ndi chisoni chenicheni, choti wamasiye aliyense angachimve popanda womumasulira.

M'tchalitchi chomwecho, pakati pa njira yomwe anthu amaponda, muli mwala wakuda wosalala, wopanda chifanizo chilichonse. Pansi pake pagona David Livingstone, yemwe anaikidwa pa 18 Epulo 1874. Anamwalira kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, mu Meyi 1873. Anzake a paulendo anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu, Jacob Wainwright n'kusema dzina ndi tsiku pa thunthu lake, kenaka ananyamula thupi mtunda woposa makilomita 1,500 mpaka ku Bagamoyo. Mwala wa ku London umatchula kuti thupilo linabwera ndi manja okhulupirika, koma maina a eni manjawo, Chuma ndi Susi, palibe. Chuma anali Myao. Mu 1875 ndi iye amene anaperekeza Bishopu Edward Steere kwa mfumu Mataka ku Mwembe, m'mapiri a Niassa, ulendo womwe unatsegula njira ya mishoni ya Anglican yopita ku nyanja.

Ku Mozambique luso la baroque linabwera ndi zombo za Apwitikizi zopita ku India. Francis Xavier, wansembe wa gulu la Ajezuiti, anakhala miyezi ingapo pa Ilha de Moçambique mu 1541 ndi 1542 podikira mphepo yopita ku Goa. Anamwalira mu 1552 pafupi ndi China, ndipo thupi lake linabwezedwa ku Goa. Patatha zaka zoposa zana, wolamulira wa Tuscany, Cosimo III wa banja la Medici, analipira mmisiri Giovanni Battista Foggini kuti aseme chiliza cha nsangalabwi ndi mkuwa ku Florence. Chinapakidwa zidutswazidutswa, n'kuzungulira Africa pa chombo, n'kukalumikizidwa mu tchalitchi cha Bom Jesus mu 1698. Chilipo mpaka lero. Xavier anafa wosauka m'kanyumba ka udzu. Wolemera anali wopereka mphatsoyo, ndipo dzina lake linamamatira ku manda a woyera mtima.

Pa Ilha pomwepo ndi pamene munthu wa ku Niassa angaone zinthu zotere popanda pasipoti. Kachisi wa Nossa Senhora do Baluarte, womangidwa mu 1522 nyengo ya baroque isanayambe, ali ndi miyala ya manda ya Apwitikizi audindo omwe anafera paulendo. Mu kachisi wa São Paulo, yemwe anali wa sukulu ya Ajezuiti asanathamangitsidwe mu 1759 nyumbayo n'kusanduka ya bwanamkubwa, muli guwa la matabwa osemedwa okutidwa ndi golide komanso gome lolalikirapo la m'zaka za m'ma 1600, ntchito ya amisiri a ku Goa. M'menemo mumakumbukiridwanso Estêvão de Ataíde, mkulu wa asilikali yemwe anateteza chilumbacho kwa Adatchi mu 1607 ndi 1608. Apwitikizi ankakonda mtengo ndi golide kuposa nsangalabwi, choncho baroque yawo imawala kwambiri kuposa ya ku Roma. UNESCO inaika chilumbachi pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1991.

Chuma cha chilumbacho chinkachokera kumtunda. M'zaka za m'ma 1700 amalonda a Chiyao ankatsika ndi minyanga ya njovu kuchokera ku madera ozungulira nyanja yathuyi kukagulitsa ku Mossuril, tsidya la Ilha, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu nawonso anasanduka katundu. Katundu ankatsika, koma Apwitikizi eniake sanakwere. Niassa inaperekedwa kwa kampani, Companhia do Niassa, yomwe inalamulira kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka 1929, ndipo cholinga chake chinali msonkho ndi antchito, osati matchalitchi. Ansembe a Katolika a gulu la Consolata anatsegula mishoni ya Massangulo mu 1928. Pofika nthawi imeneyo baroque inali itatha kalekale ku Ulaya, ndipo kunalibe mabanja a Azungu olemera okhazikika ku Lago oti n'kugula malo pafupi ndi guwa.

Izi sizikutanthauza kuti kunalibe olemera ofuna kupita kumanda mwaulemerero. Mataka woyamba, Nyambi, yemwe Livingstone anamuchezera ku Mwembe mu 1866, analemera ndi malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo mbiri ya Ayao imasimba kuti atamwalira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1870 anaikidwa pamodzi ndi anyamata ndi atsikana ambiri oti akamutumikire. Pesaro anasenzetsa chiliza chake anthu a mwala, Mataka anatenga anthu amoyo. Maganizo ake ndi amodzi, akuti wamkulu sapita yekha, ndipo kuipa kwake sikuchepa chifukwa choti wochitayo ndi wa kwathu.

Manda oyamba a mishoni m'mbali mwa Lago anakumbidwa mu Febuluwale 1882. Ansembe awiri a Universities' Mission to Central Africa, Bambo William Percival Johnson ndi Bambo Charles Janson, anayenda pansi kuchokera ku Masasi m'nyengo ya mvula. Atangofika ku nyanja, a Janson, omwe anadwala panjira, anamwalira ku Chia n'kuikidwa komweko. Kwawo ku England munthu wophunzira ngati iwo akanalembedwa pa khoma la tchalitchi. Chikumbutso chawo kuno chinakhala sitima. A Johnson, omwe pambuyo pake matenda a maso anadzawasiya akuona pang'ono chabe ndi diso limodzi, anapita ku England kukapempha ndalama, ndipo mu 1885 sitima yotchedwa Charles Janson inalowa m'madzi. Inkayenda mudzi ndi mudzi m'gombe la kum'mawa, kutula aphunzitsi, mabuku ndi mankhwala, n'kutenga nkhuni zoyendera. Chaka chomwecho mishoni inakhazikika pa Likoma, italankhula ndi mfumu Chiteji ya kumtunda, dera la Cobué.

Zomwezo zinachitikanso patatha zaka khumi. Bambo Chauncy Maples, mnzawo wa a Johnson kuyambira ku Oxford, anadzozedwa ubishopu wa Likoma ku London mu Juni 1895. Pobwerera, asanafike n'komwe pa mpando wawo, boti lomwe anakwera linagubuduzika ndi namondwe pa 2 Sepitembala, ndipo anamira. Thupi litapezeka linakaikidwa ku Nkhotakota, komwe manda awo ali mu tchalitchi cha All Saints. Chikumbutso chawo chinakhalanso sitima, yaikulu kuposa yoyamba ija. Inapangidwa ku Glasgow, n'kutumizidwa m'zidutswa zoposa 3,000 kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndipo inayandama mu 1901. M'kati mwake munali sukulu, guwa ndi malo a odwala. Lero sitima ya Chauncy Maples ili ku Monkey Bay, ndipo imadziwika kuti ndi imodzi mwa sitima zakale kwambiri mu Africa.

Chiliza choyenda pamadzi, chophunzitsa ana kuwerenga, chili ndi phindu loposa chiliza choima pakhoma, ndipo ponena izi palibe kukondera. Komabe funso la ku Venice lija silinathe. Pamathithi a Shire, pomwe madzi sayendeka, zidutswa za sitimayo zinasenzedwa pamitu, ndipo bayila wake wolemera matani 11 anakokedwa pamtunda ndi amuna mazanamazana a Chingoni. Dzina lolembedwa pa sitima ndi limodzi.

Nyumba yaikulu koposa ya mishoniyi ndi tchalitchi cha Petro Woyera pa Likoma, chilumba cha Malawi chomwe chili makilomita ochepa kuchokera ku Cobué. Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko mu Januwale 1903 pa Chipyela, malo omwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1905 ndipo chinapatulidwa mu 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Kamangidwe kake si ka baroque. N'kodekha, ka miyala ndi njerwa, kofolera ndi malata. Muli mipando ya oimba yosemedwa pa mwala wofewa ndi mawindo a magalasi amitundu, komanso kamtanda ka mtengo wochokera kwa Chitambo kumene Livingstone anafera. Anachimanga ndi anthu a pa chilumbapo ndi a m'midzi ya tsidya lino, amayi akututa miyala pamitu, ndipo zipangizo zambiri zinkawoloka pamadzi kuchokera kumtunda. Kwa Anyanja a mbali zonse ziwiri, tchalitchichi ndi chikumbutso cha agogo awo omwe anachimanga, ngakhale maina awo sali pakhoma.

A Johnson eniake anatumikira pa nyanjayi zaka 46. Anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma ndi gombe la kum'mawa, ankakhala ndi katundu wochepa kwambiri, ndipo anamwalira mu 1928 ku Liuli, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, n'kuikidwa komweko.

Amene mbiri yawo imayankha bwino chiliza cha Pesaro ndi Bambo Augustine Ambali. Anagulitsidwa ukapolo ali mwana kugombe la Tanzania, anawomboledwa, n'kuphunzira pa mishoni ku Zanzibar. Anabwera ku nyanja m'zaka za m'ma 1880 ngati mphunzitsi ndipo anakhala ku Messumba zaka zambiri, nyengo yomwe nkhondo za Angoni ndi Ayao zinkathamangitsira anthu m'malinga a m'mphepete mwa madzi. Anakhala wansembe, anakuza mpingo ndi sukulu za m'deralo, ndipo atakalamba analemba buku la moyo wawo, Thirty Years in Nyasaland. Munthu wa mtundu womwe amisiri a ku Ulaya ankausema wowerama ndi wopanda dzina anasimba yekha nkhani yake, dzina lake lili pachikuto. Messumba inadzakhala likulu la Anglican ku Niassa, ndi tchalitchi cha São Bartolomeu, chipatala ndi sukulu zomwe zinaphunzitsa anthu ambiri odziwika a chigawochi.

Ndipo mudzi wa Chia, womwe unalandira mtembo wa a Janson, unabereka Bambo Leonard Kamungu cha m'ma 1877. Anaphunzira ku Likoma ndi ku Zanzibar, anatumikira ku Nkhotakota, anadzozedwa unsembe mu 1909, ndipo anatumizidwa kukatsegula mishoni ya Msoro, kum'mawa kwa Zambia. Anamwalira komweko mu 1913, patangopita zaka zochepa atafika, akali wamng'ono. Mpingo wa Anglican umawakumbukira m'kalendala yake, ndipo sukulu yophunzitsa ansembe ku Zomba inatchedwa dzina lawo. Maiko atatu ali ndi gawo pa munthu mmodziyu: Mozambique anamubereka, Malawi anamulera, Zambia anamusunga. N'zomvetsa chisoni kuti ana ambiri a sukulu ku Lago angatchule maina a ngwazi za ku Maputo koma osadziwa kuti mwana wa ku Chia anafika patali chotere.

Nkhondo ndi zimene zinadula chingwe cha chikumbutso m'gombe lino. Nkhondo ya ufulu inafika ku Cobué mu Sepitembala 1964, Metangula n'kukhala malo a asilikali a pamadzi a Apwitikizi. Midzi inasamutsidwa, ena anathawira ku Likoma, ku Nkhata Bay ndi ku Tanzania. Bambo John Paul, omwe anali wansembe ku Messumba m'zaka zimenezo, analemba zomwe anaona m'buku lomwe linatuluka mu 1975. Bambo Paulo Litumbe anamangidwa ndi apolisi achinsinsi a PIDE n'kuzunzidwa ku ndende ya Machava, ndipo pambuyo pake anadzakhala bishopu woyamba wa dayosizi ya Niassa. Ufulu utabwera, nkhondo yachiweniweni inasakazanso midzi mpaka pangano la mtendere la ku Roma mu 1992. Tchalitchi chachikulu cha Katolika ku Cobué chinakhala bwinja kwa zaka zambiri. Anthu ankaikidwa kumene imfa yawapeza, m'thengo kapena m'dziko la eni, ndipo obwerera anapeza mitanda itawola, mitumbira itafafanizika, akuluakulu odziwa kuti apa pagona uje atapita nawonso.

Lero ziliza zazikulu m'maiko athu amamangira atsogoleri a dziko. Ku Lilongwe kuli cha Kamuzu Banda, chomwe chinatsegulidwa mu 2006, ndi mizati inayi yoimira mfundo zinayi zomwe ankalalikira. Ku Ndata, m'boma la Thyolo, kuli Mpumulo wa Bata wa Bingu wa Mutharika. Ku Lusaka kuli Embassy Park, ndipo ku Maputo kuli Praça dos Heróis. Chosiyana ndi zonsezi chili ku Mbuzini, ku South Africa, pomwe ndege ya Samora Machel inagwa pa 19 Okutobala 1986. Katswiri wa zomangamanga José Forjaz anaimika mapaipi a chitsulo 35, imodzi pa munthu aliyense amene anafa, ndipo mphepo ikawomba amalira. Pulezidenti ali ndi paipi imodzi, chimodzimodzi wina aliyense amene anafa pa ngoziyo.

M'mabanja namo mwambo wa chiliza wakula. Chaka chikatha kapena kuposerapo, abale amasonkha, a ku Joni amatumiza yawo, amagula simenti, matailosi kapena mwala wakuda wopukutidwa, kenaka amaitana abusa ndi mudzi wonse kudzaona povundukula. Asilamu ambiri a m'gombeli amasunga manda osakongoletsa n'kuika mphamvu zawo pa sadaka. Maliro n'kulirana, ndipo tsiku la chiliza limakumanitsa abale omwe malire a maiko anawabalalitsa. Phindu limenelo ndi lenileni. Koma mpikisano walowanso. Banja limatha kugulitsa mbuzi ndi ukonde kuti chiliza chawo chipose cha oyandikana nawo, mwana wa malemuyo ali pakhomo chifukwa cha fizi. Ndi mtima womwe uja wa a Barberini ndi a Pesaro, pa thumba laling'ono.

Chomwe chikusoweka kwambiri ku Lago n'chotsika mtengo kuposa matailosi. Ndi maina. Mipingo ya ku Messumba, Metangula ndi Cobué, mizikiti, mafumu ndi mabanja akhoza kuyenda m'manda ndi agogo amene atsala, makamaka omwe anaona nkhondo ziwiri zija, n'kulemba m'kaundula kuti mtumbira uliwonse ndi wa yani, anali mwana wa yani, anamwalira chaka chiti, ndiponso amene anaikidwa kutali anagona kuti. Manda a aphunzitsi ndi ansembe oyamba a m'midzi ya m'gombe ayenera kulambulidwa ndi kulembedwa bwino kuti ana a sukulu azikawaona. Inu amene mukukonzekera chiliza chaka chino, funsani kaye maina a ogona m'mitumbira yoyandikana ndi wanuyo, muwalembe mvula isanagwe.